Galimoto Imodzi ya Otomatiki, Kuntchito ndi Kubwalo la Liwiro: Mafunso ndi Mayankho

Abale athu ena amene akugwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Pretoria, zinthu zikayamba kuwayendera, mtima umawapita pa galimoto yothamanga ya zitseko ziwiri. Koma ndalama ndi za galimoto imodzi, poimika ndi pamodzi, ndipo yomweyo iyenera kuwafikitsa kuntchito m'mawa uliwonse kudutsa mumdipiti wa pa N1. Kodi galimoto ya otomatiki ingasenze ntchito ziwirizi? Ingathe. Chitsanzo changa ndi Toyota 86.

Kodi track day ndi mpikisano?

Ayi. Ndi tsiku limene eni bwalo la mpikisano wa galimoto amatsegulira munthu wamba kuti alowe ndi galimoto yake ya masiku onse. Mumalipira, mumasayina kalata yovomera kuti zogwa pamenepo ndi zanu, mumamvera malangizo a m'mawa, kenako amakugawani m'magulu potengera luso. Gulu limalowa kwa mphindi 15 kapena 20, n'kutuluka kuti lina lilowe. Chikho palibe. Onse akulowera mbali imodzi, woyenda pansi palibe, minibasi yoima mwadzidzidzi palibe, ndipo m'makona muli anthu a mbendera okuyang'anirani.

Ku Gauteng kuli Zwartkops, pafupi ndi Pretoria, bwalo la makilomita 2.4 la makona 8, lokwanira bwino munthu wongoyamba. Kyalami ku Midrand ndi wa makilomita 4.5, Formula One inathamangako komaliza mu 1993. Kulinso Red Star pafupi ndi Delmas, ndi Killarney kwa amene ali ku Cape Town.

Anzanga akuti galimoto yothamanga yeniyeni imakhala ya manyuwo. Akunama?

Akunena za kale, pamene otomatiki inali ya magiya atatu kapena anayi, yochedwa kusintha, yodya mphamvu za injini. Mu 1989 Ferrari inabweretsa ku Formula One galimoto yosintha magiya ndi tizitsulo tiwiri ta kuseri kwa chiwongolero, timene amati paddle shifters, Nigel Mansell n'kupambana nayo ku Brazil pa mpikisano wake woyamba womwe. Lero ku Formula One kulibe amene amagwira ndodo ya giya.

Ine ndimaona kuti kwa wongoyamba otomatiki ndi mwayi. Manja onse ali pachiwongolero, maso ali patali, mutu ukuganiza za poyambira kuponda buleki ndi podutsa pakona. Ndiponso giyabokosi imakana kutsitsa giya pamene liwiro lingaphulitse injini. Imangolira kabelu n'kukhala pomwe ili. Wa manyuwo akaphonya, n'kulowetsa giya yachiwiri pofuna yachinayi, injini ikhoza kuthera pomwepo. Chimene mumataya ndi kukoma kosintha giya ndi dzanja lanu, ndipo amene amakonda kukomako sindiwatsutsa. Koma asakuuzeni kuti otomatiki ilibe malo pabwalo.

Otomatiki zonse n'chimodzimodzi?

Ayi, ndipo apa pafunika kumvetsa ndalama zisanatuluke m'thumba. Ilipo mitundu itatu.

Woyamba ndi wa torque converter, mmene oyilo ndiye amalumikiza injini ndi giyabokosi ponyamuka. Ndi wofewa mumdipiti ndipo ndi wopirira. Toyota 86 ili ndi wotere, wa magiya 6, wopangidwa ndi Aisin. BMW zambiri ndi Toyota GR Supra zili ndi wa ZF wa magiya 8.

Wachiwiri ndi wa makilatchi awiri, monga DSG ya Volkswagen, imene inatuluka mu 2003 pa Golf R32, ndi PDK ya Porsche. Kilatchi imodzi ikugwira giya imene mulimo, inayo yakonzeratu yotsatira, motero kusintha kwake n'kwa kanthawi kosaoneka. Pabwalo ndi wabwino koposa. Chimene amadana nacho ndi kukwawa pang'onopang'ono kwa ola lathunthu, chifukwa makilatchi amakhala akukhulana n'kumatentha, makamaka aja ouma osamira mu oyilo. DSG ya magiya 6 ya makilatchi a mu oyilo imafuna oyilo watsopano pa makilomita 60,000 aliwonse. Wogula yakale aone umboni wakuti zimenezi zinkachitika.

Wachitatu ndi CVT, umene uli m'ma Vitz, Note ndi Fit ambiri amene timawadziwa bwino. Umenewu ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, ndipo anaupangira kupulumutsa petulo. Galimoto yotere isapite kubwalo.

Nanga bwanji Toyota 86?

Chifukwa anaipanga ndi maganizo omwewa. Inatuluka mu 2012, Toyota atagwirizana ndi Subaru. Inkapangidwa m'fakitale ya Subaru ku Gunma, ndipo mapasa ake ndi Subaru BRZ. Injini ndi ya malita 2.0 yopanda turbo, ya 147 kW ndi 205 Nm, yokankha matayala akumbuyo. Kulemera kwake ndi makilogalamu pafupifupi 1,250. Mphamvu zimenezo si zambiri, ndipo ubwino wake uli pomwepo: zinthu zimachitika pa liwiro limene wophunzira angathe kulimva ndi kulikonza. Anaiika dala matayala opyapyala a mamilimita 215, a mtundu womwe unkapezekanso pa Prius zina, kuti iyambe kuterereka msanga ndi mofewa, kumuchenjeza woyendetsa nthawi ikadalipo. Mukagoneka mipando yakumbuyo, matayala anayi amalowa. Yatsopano yake, GR86, ili ndi injini ya malita 2.4 ya 250 Nm.

Mukamagula ya 2012 kapena 2013, funsani ngati inabwezedwa kugalaja pamene zambiri za zaka zimenezo zinaitanidwa mu 2018 kuti akasinthe masipuling'i a mavavu.

Ya otomatikiyo imatsala pati poyerekeza ndi ya manyuwo?

Imatsala pang'ono. Kuchoka poima kufika pa makilomita 100 pa ola, ya manyuwo imatenga masekondi 7.6, ya otomatiki 8.2. Magiya ake ndi otalikirana, ndipo injini imeneyi imakhala ngati yafooka ikafika cha pa 4,000 rpm, n'kudzadzukanso pamwamba; mphamvu zake zonse zili pa 7,000. Potuluka pakona, ngati muli m'giya yapamwamba, mumagwera m'dzenje limenelo. Mankhwala ake ndi kusankha giya nokha kuti singano ikhale pamwamba pa 5,000. M'chaka choyamba, kusiyana kwa inu ndi munthu wozolowera bwalo kudzakhala kwakukulu kwambiri kuposa kusiyana kwa magiyabokosi awiriwa.

Lolemba m'mawa imakhala bwanji?

Apa ndi pamene otomatiki imabweza ndalama zanu. Pabwalo mudzapita mwina kanayi kapena kasanu pachaka. Kuntchito mudzapita masiku oposa 200. Amene anaimapo pakati pa Midrand ndi Sandton, mwendo wakumanzere ukuponda ndi kusiya kilatchi kosalekeza, safuna kuuzidwa. Petulo pamsewu imamwa mwaulemu, malita 7 kapena 8 pa makilomita 100 mukamayenda mofatsa.

Zovuta zilipo. Ili pansi, mamilimita pafupifupi 130 kuchokera pamsewu, ndiye mahampu ndi zipata zotsetsereka muzilowa chammbali, pang'onopang'ono. Mumamva kabampu kalikonse. Mipando yakumbuyo ndi ya ana aang'ono kapena zikwama; wamkulu angakhalemo ulendo waufupi basi. Ngati Loweruka lililonse mumanyamula banja ndi katundu, yang'anani Golf GTI.

Chimayamba kugonja n'chiyani pabwalo? Si giyabokosi?

Mabuleki. Pamsewu mumaponda buleki ndi mphamvu zonse mwina kamodzi pamwezi. Pabwalo mumatero kangapo pa kuzungulira kulikonse, osapumira, kwa mphindi 15. Liwiro lonse lija limasanduka kutentha, ndipo otomatiki ikakhala pa D sithandiza kwenikweni kugwira galimoto ndi injini, ndiye katundu yense amagwera mabuleki.

Kugonja kwake n'kwa mitundu iwiri, ndipo phazi lanu liyenera kuidziwa yonse. Mapadi akapsa, chopondera chimakhalabe cholimba koma galimoto siima monga kale, ndipo mumamva fungo la chinthu chopserera. Brake fluid akawira, chopondera chimafewa n'kumira cha pansi. Wachiwiriyu ndiye woopsa. Brake fluid amayamwa chinyezi cha mumpweya akamakhalitsa. Wa DOT 4 watsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akayamwa madzi akhoza kuwira pa 155. Wa DOT 3 amayambira pa 205 n'kutsikira pa 140. Wa DOT 5.1 amafika 260. Musamusokoneze ndi DOT 5 wopanda kadontho, amene ndi wa silicone ndipo sasakanizidwa ndi enawo.

Tsono musanapite tsiku loyamba, makaniko achotse yense wakale n'kuthira watsopano, ngakhale galimoto ikuima bwinobwino m'tauni. Mapadi akhale osachepera theka la kunenepa kwake. Mukayamba kupita kawirikawiri, gulani mapadi opangidwira msewu ndi bwalo pamodzi. A mpikisano weniweni ayi: amalira, amadya madisiki, ndipo sagwira bwino asanatenthe. M'mawa wa June ku Johannesburg, chisanu chili pa udzu, mukufuna mabuleki ogwira pa kuponda koyamba penipeni pa maloboti.

Mukangomva kusintha kulikonse pachopondera, chepetsani liwiro pomwepo, malizani kuzungulira mofatsa, tulukani.

Ndiye giyabokosi ilibe vuto?

Mdani wake ndi yemweyo, kutentha. Oyilo wa giyabokosi amagwira bwino cha pa madigiri 80 mpaka 90. Akapitirira 120 amaonongeka msanga. Zizindikiro zake ndi kusintha giya mozengereza, nyali yochenjeza, kapena galimoto kudzichepetsera yokha mphamvu podziteteza. Kachipangizo kotsika mtengo kolumikiza pa OBD pansi pa chiwongolero kangakuonetseni kutenthako pafoni, pa galimoto zimene zimalola. Dziwani manambala anu musanagule china chilichonse. Ngati akukwera, fupikitsani nthawi: kuzungulira kanayi mwamphamvu, kamodzi mofatsa. Chozizitsira oyilo chowonjezera ndi cha munthu amene wayamba kupita mwezi ndi mwezi.

Wina akakuuzani kuti oyilo wa giyabokosi sasinthidwa moyo wonse wa galimoto, dziwani kuti akunena za galimoto yoyenda pamsewu pokha. Yanu iziona oyilo watsopano, wa mtundu umene buku lake likunena. Pa 86 ndi ATF WS. Oyilo wa injini akhale pa mzere wapamwamba m'mawa wa tsikulo, ndipo mumuyang'anenso masana.

Ndisiye pa D kapena ndizisintha ndekha?

Nthawi ziwiri zoyamba kulowa, ikani Sport n'kuisiya izisintha yokha. Muli ndi zambiri zoti muphunzire. Mukadziwa kumene msewu ukukhotera, yambani kugwiritsa tizitsulo tija. Tsitsani giya muli kuponda buleki pamzere woongoka, musanakhote. D ikhoza kukusinthirani giya muli pakatikati pa kona, galimoto n'kudzidzimuka pamene imafunika bata. Phazi lakumanzere likhale pa malo ake opumira. Kuponda buleki ndi phazi limenelo ndi luso la patsogolo.

Ndizimitse traction control, chipangizo choletsa matayala kuterereka?

Ayi. Ikani pa VSC Sport, kapena Track pa zotuluka kuyambira 2017, ndipo musapitirire pamenepo mpaka mlangizi atakhala nanu m'galimoto n'kunena kuti mwakonzeka. Nyali yake ikamaphethira pakona iliyonse, ikukuuzani kuti mukulowa mothamanga kwambiri kapena mukuponda moto msanga.

Matayala omwewa angakwanire?

Poyamba, inde, bola akhale ndi mapanga okwanira ndipo asakhale okalamba. Mpweya umakwera tayala likatentha. Pa 86 buku limati 2.4 bar tayala lili lozizira; mukatuluka pabwalo yezani nthawi yomweyo, ndipo ngati wakwera kwambiri phwetsani pang'ono. Choiwalika ndi ichi: madzulo matayala akazizira adzakhala ochepa mpweya, ndiye pomperani musanalowe mumsewu waukulu. Yang'ananinso m'mphepete mwa akutsogolo, chifukwa ndi mmene mumatha msanga.

Mukakonda masewerawa, gulani marimu ena anayi okhala ndi matayala a pabwalo. Aja a mapanga ochepa amagwira kwambiri pouma, koma mvula ya mabingu ya masana ku Gauteng ikakupezani nawo pa N1, galimoto imayandama. Amawonjezeranso katundu pa mabuleki, chifukwa mumafika pakona iliyonse mukuthamanga kuposa kale.

Akuti ku Johannesburg galimoto zimafooka. N'zoona?

N'zoona. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu zake pa mamita 100 aliwonse okwera, ndiye 86 ya ku Gauteng ndi yofooka ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi ya ku Killarney. Mpweya wopepukawo suziziritsanso bwino rediyeta ndi mabuleki. Thirani petulo wa 95, osati 93. Fikani ndi thanki yodzaza: pabwalo imamwa kuposa kawiri mmene imamwera pamsewu, ndipo petulo akachepa amathawira mbali imodzi pokhota, injini n'kumatsamwa.

Inshulansi yanga indilipira ndikachita ngozi pabwalo?

Kawirikawiri ayi. Mapangano ambiri a inshulansi amachotseratu chilichonse chochitika pabwalo la mpikisano, kaya panali mpikisano kaya panalibe. Funsani, ndipo yankho akupatseni lolemba. Alipo makampani amene amagulitsa chitetezo cha tsiku limodzi kapena kuwonjezera pa pangano lanu. Muwerenge ndalama imene mudzayambe mwalipira nokha. Pa galimoto yatsopano, funsaninso za waranti.

Funso limeneli ndi limene limasiyanitsa inu ndi munthu wofika ndi galimoto pa ngolo, amene ali ndi ina kunyumba. Mukagunda mpanda, banki ipitiriza kudula ngongole mwezi ndi mwezi, ndipo Lolemba mukuyenera kukafika kuntchito. Mwina kumudzi kuli amene akudikira fizi kapena feteleza kuchokera pa malipiro omwewo. Choncho yendetsani mosiya mpata. Wina akakuyandikirani kumbuyo, mupatseni njira pamalo ovomerezeka. Mbendera yachikasu ikakwezedwa, chepetsani ndipo musapitirire mnzanu. Yofiira, nonse mwaimitsidwa. Mukayamba kutopa masana, pakirani. Zolakwa zambiri zimabwera munthu akati alowe komaliza.

Ndiyambe ndaitsitsa, kapena kuiikira turbo?

Ayi. Ndalama yoyamba ipite ku brake fluid, mapadi, helemeti yokukwanani bwino, ndi mlangizi. Munthu wodziwa bwalo akakhala pambali panu kwa theka la ola, adzakuchotserani masekondi ambiri kuposa chitsulo chilichonse chogula. Kutsitsa galimoto imene ili kale pansi kudzakuzunzani pa hampu iliyonse chaka chonse chifukwa cha masiku asanu. Turbo imawonjezera kutentha pa giyabokosi imene sanaipangire mphamvu zimenezo, ndipo inshulansi ndi waranti zonse zidzakhala ndi mawu.

Ndichite chiyani ndisanalowe, ndiponso ndikatuluka?

Chotsani zonse zosamangirira: mabotolo, jeke, makapeti a pansi, chilichonse chimene chingagubuduzike kukalowa pansi pa chopondera buleki. Mangani kolowekera chingwe chokokera kutsogolo. Onani kuti manati a matayala ndi olimba. Valani nsapato zotseka zopyapyala pansi. Imwani madzi ambiri.

Kuzungulira komaliza kukhale kozizitsa, osaponda buleki kwambiri. Mukaima, musakoke handibuleki ndipo musasiye phazi pabuleki, chifukwa zitsulo zotentha zikagwirana pamalo amodzi zimasiya chipsera, galimoto n'kumanjenjemera mukamaima. Apa otomatiki ili ndi mwayi wina: imikani pamalo athyathyathya, ikani pa P, basi. Tsegulani boneti, injini iyendebe mphindi ziwiri kapena zitatu.

Pobwerera kunyumba samalani ndi maso anu. Mukakhala tsiku lonse pa liwiro lalikulu, 120 pa ola imaoneka ngati mukukwawa. Yang'anani singano.

Nanga ndikapita nayo kumudzi, kapena ndikaitanitsa yanga kuchokera ku Japan?

Kuyenda iyenda. Chiwongolero chili kumanja monga zathu zambiri, ndipo m'misewu ya phula ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre ikhoza kukhala galimoto ya kuntchito. Koma werengerani maenje a nthawi ya dzinja, amene amapinda marimu ndi kung'amba matayala opyapyala m'mbali. Werengerani misewu yafumbi ya kwa agogo imene siingalowe. Werengerani zipangizo zimene mudzadikira kuchokera ku South Africa. Pezani makaniko wozolowera Subaru, chifukwa injini yake ndi yogona chammbali, ndipo ngakhale kusintha mapulagi ndi ntchito yaikulu.

Theka lina la nkhaniyi ndi limene likusowa. Ku Malawi kulibe bwalo la phula lomangidwira mpikisano wa galimoto ngati Zwartkops. Lapafupi kwa wa ku Blantyre ndi Donnybrook ku Harare, ulendo wa makilomita pafupifupi 600 kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Ku Bulawayo kuli Breedon Everard.

Poti bwalo kulibe, sindingaiyese pa M1 usiku kapena Lamulungu m'mawa msewu uli zii?

Ayi. Msewu wathu sukhala wopanda munthu. M'mphepete mwake muli wakabaza wopanda nyali, mayi wosenza nkhuni, mwana wothamangira mbuzi, lole yofa imene chizindikiro chake ndi nthambi zingapo zoponyedwa pansi. Pabwalo mukaphonya kona mumakalowa mumchenga, anthu a mbendera n'kuimitsa anzanu, ambulansi ili pomwepo. Pa M1 mukaphonya mumakalowa pamsika. Liwiro mukalichulukitsa kawiri, mtunda woimira umachuluka kanayi, ndipo mabuleki abwino sasintha masamu amenewo.

Ngati mtima ukufuna liwiro, sungani ndalama ya petulo ndi ya pachipata, konzani mabuleki, mupite ku Donnybrook kapena ku Zwartkops. Pamsewu wa anthu onse, chonde, ikani pa D n'kuyenda ngati wina aliyense.